Tisiye kunamiza oyimba athu ndi timoto ta pa WhatsApp

Nkhani ya oyimba achinyamata timaikamba tsiku ndi tsiku, akuti sadziwa kuyimba, akuti angotengera za ku Nigeria ndi ku Joni, akuti nyimbo za masiku ano zilibe mutu, koma za ifeyo amene timalandira linki pa foni nkuyankhapo palibe amatifunsa kuti kodi inu omvera ntchito yanu mukuigwira bwanji. Nde lero ndikufuna tikambe za ife. Ine maganizo anga ndi oti nyimbo zambiri zosapsa zomwe zadzadza m'mafoni muno mu Kasungu tazilera ndife tomwe, ndi timoto, tizithunzi ta moto tija timaponya pansi pa nyimbo iliyonse, ndipo mwana amene akupeka yekha nyimbo tikumulakwira kwambiri kuposa mmene tikuganizira.

Taganizani mmene zimayendera. Mnyamata ali ku Chamama kaya ku Santhe, wagwira ganyu yosoka fodya dzinja lonse, kapena wapalasa kabaza mpaka miyendo kuuma, wasunga kangachepe, wakwera galimoto kubwera pa boma kudzapeza mnzake yemwe ali ndi laputopu ya FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, ndi maiki imodzi m'kachipinda komwe anakhoma matiresi kukhoma kuti phokoso la panja lisalowe. Alibe kampani, alibe manijala, mawu walemba yekha mu kope lakale la kusukulu, chuni wachipeka yekha akuyenda panjira, magetsi akazima pakati pa ntchito ndiye kuti agona kwa achibale abwerenso mawa. Nyimbo ija yatuluka. Waiponya pa gulupu ya anzake a ku sekondale, pa gulupu ya achinyamata a kutchalitchi, pa Facebook, pa Audiomack, kachidutswa kena pa sitetasi ndi pa TikTok, kenako wakhala pansi foni ili m'manja kudikira kuti anthu anena chani. Nanga ife timati chani? Timoto titatu. "Yabeba man." "Dolo weniweni." "Mwaitha akulu, pitilizani." Basi. Tinene zoona, ambirife nyimboyo sitinaitsegule nkomwe, chifukwa bandulo ya WhatsApp siyitsegula linki ya YouTube ndipo aliyense akudziwa zimenezi, nde munthu wayamikira chinthu chomwe khutu lake silinamve, wangochita kuti mnzake asadandaule kuti sanayankhidwe.

Wina anena kuti nanga chavuta nchani, si kungomulimbikitsa mwana? Chavuta nchoti mwanayu khutu lina loti limuuze zoona alibe. Kale zinali zina. MBC kuyambira 1964 inali wayilesi yokhayo mpaka m'zaka za m'ma 1990, nde nyimbo kuti imveke dziko lonse imayenera kudutsa m'manja mwa anthu ochepa ku Blantyre, nthawi ya makaseti oyimba ambiri amakagogoda kwa O.G. Issa ku Limbe kuti nyimbo zawo zigulitsidwe, ndipo pa khomo lililonse pamakhala munthu woti atha kukuuza kuti ayi iyi sinapse, bwerera ukakonze. Nthawi imeneyo sindikuisilira ayi, khomo linali lopapatiza, mwana wa ku Wimbe kapena ku Nkhamenya kuti akafike kumeneko kwa ambiri zinali maloto chabe, ndipo nyimbo zina zimakanidwa pa zifukwa za ndale luso lilipo. Intaneti yagwetsa khomo limenelo ndipo ndi chinthu chabwino zedi, lero aliyense atha kuponya nyimbo yake osapempha chilolezo kwa bwana aliyense. Koma anthu aja amati bwerera ukakonze apita nalo limodzi khomolo. Ntchito yawo yagwera ine ndi inu pa makomenti, kaya tikufuna kaya sitikufuna.

Kuno kwathu fodya tonse tikumudziwa. Mlimi akamasankha fodya m'chigafa, mnansi amene amabwera nkumati wabwino, wabwino, yenseyu ndi giledi yapamwamba, pomwe akuona ndi maso ake kuti masamba ankhungu ndi osweka asakanikirana ndi abwino, ameneyo akumuponya mnzake m'dzenje, chifukwa belo ikakafika ku msika wa fodya wa Chinkhoma ogula sakhala achibale ako, akaitsegula nkuibweza, ndalama ya thiransipoti yapita. Nyimbonso ili ndi Chinkhoma wake. DJ wa pa ukwati, muulutsi wa pa wayilesi, mlendo wa ku Mzuzu kapena ku Chipata amene wangoipeza pa TikTok ndipo sakudziwa kuti woyimbayo ndi mwana wa ndani, amenewo akaimva pang'ono chabe nkusuntha chala. Mwana uja amangodabwa, bwanji anthu onse aja anati moto koma pa ukwati wa pamudzi pomwe pano sanaiyike olo kamodzi? Kenako amayamba kuganiza kuti pali amene akumutsekera mwayi, mwina ma DJ akufuna kenakake, mwina wina wamuyendera kwa asing'anga, pomwe vuto linali loti mawu ake sakumveka mu vesi yoyamba ndipo tonse amene tinaitsegula tinamva koma palibe ananena.

Ndalama yakenso si yamasewera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse cha mu situdiyo chinakwera, maiki, mahedifoni, masipika, zonsezi zimachoka kunja, nde pulodyusa naye anakweza mtengo. Mwana akalipira nyimbo yachiwiri, yachitatu, yachinayi ali ndi cholakwika chomwechomwecho chifukwa ife tinamuuza kuti ndi dolo, ndalama ya feteleza ya mayi ake ija tadya nawo ndife.

Pali mawu ena ndimawamva kawirikawiri, akuti ife Amalawi ndi anthu aulemu, sitinena zoipa pamaso pa munthu, nde kuyamikira kulikonseko ndi chikhalidwe chathu. Ine ndikukana. Amene anakulira kumudzi akudziwa mmene nyimbo yatsopano imayesedwera pa bwalo. Mayi akayambitsa nyimbo ya chimtali yomwe wapeka, anzake akapanda kuivomera, m'manja mukamawombedwa mozizira, nyimboyo imafera pomwepo, wina amayambitsa ina, ndipo palibe amapita kukadandaula kwa amfumu kuti andichitira nsanje. Ikakhala yabwino simuchita kufunsa, nthungululu zimangobuka zokha, anthu amalowa m'bwalo kukasupa, mawa lake mukaimva ku mjigo ndi pamtondo, sabata isanathe yaoloka mtsinje ili kumudzi wina. Anyamata a mganda amakhala masabata akuyeserera ndipo amene akuphonya sitepe amauzidwa pompo kuti iwe ukutisokoneza. Ku kwaya nde nkosachita kunena, kwayamasitala amaimitsa nyimbo pakati nkunena kuti a alto mwatsika, a tena mukuthamanga, tiyambirenso, ndipo amayi akuluakulu a Chigwirizano, ena oti ndi msinkhu wa mayi ake, amayambiranso osakwiya. Chikhalidwe chathu ndi chimenecho. Nthungululu sizimalizidwira aliyense, nchifukwa chake munthu akazimva mtima umadumpha. Ulemu wathu uli pa kanenedwe, kumutengera munthu pambali, kuyamba ndi pepani achimwene, kusankha nthawi yake, koma makolo omwewo ndi amene anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo bodza sanalitchepo ulemu.

Tsono tisathamangire mbali inayo, chifukwa kuli gulu lina limadzitcha kuti ife timanena chilungamo, ndipo amenewa amandiwawitsa mtima kuposa a timoto aja. Pitani pa mapeji akuluakulu a zosangalatsa pa Facebook tsiku lomwe aponya kanema wa woyimba wosadziwika, muwerenge nokha. "Mbola." "Kalime fodya iwe." "Wakunamiza ndani kuti umayimba." Tinkhope toseka tija Facebook inabweretsa mu 2016 tili mbwee. Akakhala mtsikana nde zinanso, za nyimbo palibe amakamba, akukamba za thupi lake, diresi lake, kuti ali pabanja kapena ayi, ena ali kale mu inibokosi ndi zawo zina, ndipo atsikana ena aluso omwe timawamva m'makwaya mwathu amathera pa nyimbo imodzi chifukwa cha zimenezi, makolo amangoti basi siya usatichititse manyazi. Ena amasekedwa kalankhulidwe, akuti Chichewa chake nchakumudzi, mwana wa kwa Kaluluma akasakaniza ndi Chitumbuka monga mmene amalankhulira kwawo akuti asankhe chimodzi. Chilungamo chili pati pamenepa? Wotukwana ndi wa timoto ndi amodzi, onse awiri nyimbo sanaimvere, wina akufuna aoneke wabwino mtima wina akufuna anzake aseke komenti yake, woyimba uja watuluka chimanjamanja konse kuwiri, kungoti kwa wotukwanayo watulukako ndi bala.

Ndiye komenti yothandiza imaoneka bwanji? Anthu amaopa, amati ine za nyimbo sindinaphunzire, ndinena chani. Manotsi asakuopseni. Woyimba akufuna adziwe chomwe chinachitika mwa inu nthawi yomwe nyimbo imalira, chinthu chomwe iye sangachidziwe payekha chifukwa waimva kambirimbiri mpaka khutu lake linazolowera ndi zolakwika zomwe. Muuzeni pomwe munatopa. Muuzeni mzere umene munadzuka nawo m'mutu mawa lake, ngati ulipo, ngati palibe muuzeninso. Mwachitsanzo kulemba kuti "achimwene kolasi ndaigwira ulendo woyamba womwe, mpaka mwana wanga akuyimba, koma vesi yachiwiri kuyambira pa 1:40 mawu akumira mu biti, ndabwerezabwereza sindikumva mukuti chani", komenti imeneyi ndi ya mizere iwiri chabe koma munthu atha kupita nayo kwa pulodyusa nkukonza tsiku lomwelo. Kapena "achemwali mawu muli nawo okoma, koma Auto-Tune yachuluka mpaka simukumveka ngati inu, ine ndimakumvani kutchalitchi ndikudziwa mawu anu enieni." Kapena "nkhani inayamba ya mayi wamasiye amene alamu ake amulanda munda, ndinayamba kuitsatira, vesi yachitatu mwayamba kudzitama za magalimoto, ndasochera." Kapena kungoti "mwachedwa kuyamba kuyimba, ndinatsala pang'ono kuchoka." Chomalizachi musachione chaching'ono. Pa Spotify, yomwe inafika ku Malawi mu 2021, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa munthu akafika masekondi 30, ndipo kuyambira 2024 nyimbo yomwe sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12 siyilandira kalikonse, nde mwana amene amathera masekondi 40 akutchula mayina a anzake ndi dzina la situdiyo asanayambe kuyimba akudzitchera yekha msampha, ndipo womvera wamba ngati ine ndi inu ndi amene angamuuze zimenezi chifukwa ndife amene timatopa.

Chinanso, nenani mwamvera pa chani. Izi anthu sazilabadira koma nzofunika. Kasipika ka foni ya itel kapena Tecno besi sikatulutsa, ndi mmene kanapangidwira, nde mukalemba kuti biti ilibe mphamvu pomwe mwamvera pa kasipika kameneko mwina mukumunamizira pulodyusa, pa mahedifoni nyimbo yomweyo ikugunda bwinobwino. Komanso nyimbo yomwe yadutsa m'manja ambiri, wina anaijambula kuchoka pa sitetasi, wina anaichotsa mu kanema, wina anaichepetsa kuti isadye bandulo, imafika itafooka kale. Koma woyimba naye dandaulo limenelo asalitaye, chifukwa anthu ake ambiri adzamvera pa kasipika komweko, mu minibasi, mu saluni, pa shopu ya pa siteji, pa masipika a mu situdiyo adzamverapo ndi iye ndi pulodyusa basi. Nde mukalemba kuti pa foni mawu sakumveka koma pa mahedifoni ali bho, mwamupatsa chinthu chenicheni chokagwirira ntchito.

Ena amati bandulo ndagula ndekha, nthawi ndi yanga, sindinalembedwe ntchito yoweruza nyimbo za anthu. Chabwino, palibe akukukakamizani. Ngati mulibe mpata ingomuuzani kuti ndalandira, ndimvera ndikapeza bandulo, kapena khalani chete, bola chete kusiyana ndi kuchitira umboni chinthu chomwe simunachimve. Chomwe ndikukana ine ndi kumupatsa mwana risiti yabodza yoti anthu amva ndipo akondwa, chifukwa iye amaiwerengera, amapita nayo kwa makolo ake nkumati taonani anthu akundifuna, ena mpaka amasiya sukulu kapena kugulitsa njinga pa mphamvu ya timoto timeneto.

Pali chiyamikiro china chomwe ndikufuna chithe, chija choti "eee ngati si wa ku Malawi", "ngati wa ku Naija". Wolembayo amatanthauza zabwino, ndikudziwa, koma tamvani zomwe mwana akuphunzirapo, akuphunzira kuti nyimbo yabwino ndi yomwe yathawa kwawo. Mawa akapita ku situdiyo akauza pulodyusa kuti ndipangire amapiano, akayamba kupinda mawu a Chichewa kuti akwane mu biti mpaka agogo ake sangamve kuti mdzukulu akuti chani. Sindikuti asayimbe amapiano kapena afrobeats, ayimbe, achinyamata amavina zimenezo ndipo palibe cholakwika. Koma wina akayesa kulowetsa kagundidwe ka chimtali kapena ka mganda mu biti yake, kapena kayimbidwe kathu kaja koti wina ayambitsa ena nkuvomera, timakhala chete kapena timati zachikale, pomwe pamenepo ndi pomwe pamafunika komenti yaitali yomuuza kuti apa wagwira chinthu, usachisiye, olo mikisi sinakhale bwino. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse pa dziko lapansi, Achewa a mayiko atatu amakumana chaka ndi chaka ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Zambia, ng'oma zathu si zoti tizichita nazo manyazi. Za kudambwe zili ndi eni ake ndi malamulo ake, sindikuti mwana akazitole nkuziika pa TikTok ayi, koma magule a pabwalo alipo ambiri oti munthu nkutungamo moyo wake wonse.

Nyimbo za uzimu nde ndi pomwe tonse timamangika pakamwa. Munthu akaponya nyimbo yotamanda Mulungu palibe angalembe china kuposa Amen ndi Ambuye akudalitseni mtumiki, ngati kuti ukanena kuti kiyibodi ikusemphana ndi mawu ndiye kuti watsutsa uthenga. Uthenga ndi wina, kayimbidwe ndi kena. Salmo 33 vesi 3 imanena za kuyimba nyimbo yatsopano komanso kuyimba mwaluso, zonse ziwiri mu vesi imodzi. Mlongo amene wathawa kiyi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kumusiya apite nayo ku wayilesi chonchobe chifukwa tikuopa kuoneka osapemphera, chikondi chake nchiti pamenepo. Zomwezinso ndi achibale. Ndikudziwa kulemera kwake, mwana wa mlongo wanu wakutumizirani nyimbo nkuti amalume tamverani, mtima umafuna kungoti zili bwino mphwanga. Koma kwathu kuno malume ndi amene amayenera kulankhula mawu ovuta m'banja, za ukwati, za munda, za milandu, nde bwanji pa nyimbo pokha mukhale munthu wa timoto? Muyimbireni foni, kapena mudikire abwere kunyumba, mukhale pakhonde mumvere limodzi, muimitse pomwe pakuvutapo, mumufunse kuti apa umafuna kunena chani.

Chinthu chimodzi ndikuvomereza kwa amene amatsutsa maganizo angawa. Mwana wa Fomu 2 amene wajambula nyimbo yake yoyamba pa foni, mukamuunjikira zolakwika zonse pagulu atha kusiyiratu, ndipo mwina mwaphetsa luso lomwe likanakula. Zoona zimenezo. Nyimbo yoyamba siyiyezedwa ndi muyeso wa munthu amene wayimba zaka 10. Nde kwa mwana wotere funafunani chinthu chenicheni chomwe wachita bwino, ndipo chimakhalapo ndithu ukamvera ndi mtima wonse, mwina mzere umodzi, mwina mmene wakwezera mawu pa kolasi, mumuuze chimenecho mochitchula, kenako cholakwika chimodzi chokha, chachikulucho, mu inibokosi. Ana amasiyanitsa, musawaderere. Moto amadziwa kuti mwaponyeranso anthu ena ambiri tsiku lomwelo, koma mukamutchulira mzere wake amadziwa kuti munthu uyu wakhala pansi wandimvera, ndipo chimenecho chimamusunga pa nyimbo nthawi yaitali kuposa ma like.

Oyimba nanunso ndili nanu mawu, chifukwa mbali ina mwatiphunzitsa ndinu. Mukaponya nyimbo nkulemba kuti layikani, sheyani, ponyani moto apa, mwatiuza kale yankho lomwe mukufuna, ndipo wina akayesa kunena kuti vesi yatalika mumathamangira kumubuloka nkulemba sitetasi ya adani ndi ansanje. Ansanje aliko inde, koma si aliyense. Komanso mumatifunsa mochedwa. Nyimbo yamikisidwa kale, ndalama mwalipira, kanema mwajambula m'munsi mwa phiri la Kasungu, posita yatuluka, pamenepo nde mukuti maganizo anu abale, olo titanena mukonza chani? Nthawi yofunsa ndi pomwe nyimbo ikadali yaiwisi, mwangoijambula pa foni ndi gitala kapena pa biti yongoyeserera. Itumizeni kwa anthu ochepa osiyanasiyana, ndipo asakhale anzanu okhaokha. Mnyamata wobena nyimbo pa msika amadziwa bwino nyimbo zomwe anthu amabwera kudzaitanitsa ndi dzina kuti ndiikireni mu memore, DJ wa maukwati amadziwa nyimbo yomwe imakhazika anthu pansi pakati pa perekaniperekani, mayi wa mu saluni amamva nyimbo tsiku lonse, kwayamasitala wa pa tchalitchi panu amva kiyi ikathawa. Afunseni funso lenileni, monga kuti mwamva nkhani yanji mu nyimboyi, kapena ndi pati pomwe mukanadumpha. Mukafunsa kuti ili bwanji aliyense ati ili bho.

Manambalanso musawakhulupirire kwambiri. YouTube inabisa chiwerengero cha ma dislike mu November 2021, nde chomwe chimaoneka pagulu ndi chala chokwera chokha. Ma view amakwera ngakhale munthu sanafike pakati. Magulupu aja a ndilayike ndikulayike amangokupatsani nambala yopanda khutu kumbuyo kwake. Koma mu YouTube Studio muli kagirafu kosonyeza pomwe anthu amachokera pa kanema wanu, kaulere, ndipo kameneko sikakuopani, mukaona mzere wagwa pa sekondi ya 20 dziwani kuti pamenepo pali nkhani. Chizindikiro china chosanama ndi ndalama. Munthu amene wakutumizirani kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba osapemphedwa, kapena wakuitanani kuti mudzayimbe pa chinkhoswe cha mwana wake, wanena zambiri kuposa makomenti onse, ndi kusupa komwe kuja kwangosintha njira, ndipo ife omvera tizichita zimenezi nyimbo ikatikhudzadi. Ikayamba kuyenda musaiwale kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loyang'anira umwini wa nyimbo lomwe lakhalapo kuyambira 1992 ndipo pano likuyendera lamulo la 2016, chifukwa makomenti okoma sateteza umwini wa nyimbo.

Sindikutinso muzitsatira chilichonse chomwe mwauzidwa. Nyimbo ndi yanu. Wina adzati ifulumire wina adzati ichedwe, wina rege sakonda basi ndipo palibe chomwe mungachite kuti akondwe. Munthu mmodzi akadandaula za chinthu chomwe inu munachipanga dala ndipo mukudziwa chifukwa chake, muthokozeni nkupitiriza. Koma anthu atatu anayi osadziwana akaloza malo amodzimodzi, pamenepo imani kaye. Ngati nyimboyo singakonzekenso isiyeni, nyimbo imodzi sachezera gule, zomwe mwamvazo mulowe nazo mu yotsatira.

Magulupu a WhatsApp a oyimba alipo kale ambiri, kuno ku Kasungu, ku Mchinji, anzathu a tsidya la ku Zambia amapezekamonso, koma ambiri angosanduka malo otayirapo malinki, aliyense amaponya yake nkuthawa, ya mnzake palibe amamvera. Ma admin, izi mutha kusintha sabata ino yomwe popanda ndalama. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, nyimbo ziwiri zokha, ndipo ziponyedwe ngati MP3 mu gulupu momwemo osati linki, nyimbo ya mphindi zinayi pa 128 kbps ndi pafupifupi 4 MB, bandulo ya WhatsApp ikwanitsa ndipo chowiringula chija chatha. Lamulo likhale loti amene akufuna yake imvedwe sabata yamawa ayambe wanenapo za anzake lero, chinthu chimodzi chomwe chagwira ndi chimodzi chokonza, amene kulemba kumamuvuta ajambule mawu olo mphindi imodzi, wotukwana achenjezedwe kamodzi kachiwiri atulutsidwe. Mawayilesi a m'madera nawonso, yathu ya kuno ku Kasungu ndi Mudzi Wathu ku Mchinji, ali ndi omvera omwe alibe foni za intaneti, amayi ndi abambo omwe avina chimtali ndi mganda moyo wawo wonse ndipo khutu lawo nlakuthwa kuposa lathu. Apereke theka la ola pa sabata, nyimbo za ana a m'dera zomwe sizinatuluke, woyimba akhale mu situdiyo momwemo ndi kope lake m'manja, anthu aziyimba foni, ndipo muulutsi akamva wina akuti ili bwino asamusiye choncho, amufunse kuti bambo, ndi pati penipeni pomwe pakukomerani, nanga ndi pati pomwe mwana wathuyu akakonze.